Madzi a ku Kauma, Madzi a ku Area 12

Ndowa zokhala ndi kampopi m'munsi zinafika pamakomo a maofesi a ku Capital Hill mu 2020, COVID-19 itangolowa m'dziko muno. Poyamba mlonda sankalola munthu kudutsa osasamba m'manja, kaya ndi mesenjala kaya ndi bwana wotsika m'galimoto ya MG. Kenako mantha anazirala, sopo anayamba kusowa, madzi anauma, ndowa zina n'kusanduka poikapo maambulera. Mu Januwale 2023 zinadzazidwanso, ulendo uno madzi ake akununkha kolorini. Mliri wa kolera unali utafika pachimake mu Lilongwe.

Mayi wina amene wakhala zaka zambiri akuwerengera ndalama mu unduna wina pamenepo anaima pamzere wosamba m'manja m'mawa wina wa mwezi umenewo, ndipo zimene anamva pamzerepo sizinamuchoke m'mutu mpaka lero. Bambo wina wa tayi, akupukuta manja ndi kampango, ananena mtima uli m'malo kuti kusambaku n'kongokwaniritsa lamulo, poti kolera ndi matenda a ku Mtandire ndi ku Mgona, sangafike kwa anthu a madzi a m'nyumba. Mayi amene anali kumbuyo kwake anavomereza, nawonjezera kuti iye wauza kale wantchito wake kuti abakhala kwawo mpaka mliri udutse. Za malipiro a miyezi imeneyo sanatchule, ndipo palibe anafunsa.

Mayi wowerengera ndalama uja sanayankhe kanthu. Nayenso ali ndi womuthandiza ntchito pakhomo pake ku Area 12, mayi wa ana atatu wa ku Kauma, amene amafika wapansi kusanache bwino, nthawi ya dzinja nsapato zili matope okhaokha. Madzulo a tsikulo anangozindikira waima pakhomo la khitchini, maso ali pa manja a mayi wa ku Kaumayo amene ankadula tomato ndi anyezi. Manja omwewo analera mwana wake womaliza. Manja omwewo anamusambitsa iye mwini pamene anachitidwa opaleshoni, achibale ali kutali. Koma tsiku limenelo anawaona mwa mtundu wina, ndipo mantha amene anamugwira anali enieni, a m'mimba. Anadya chakudyacho, anagona, koma funso linatsala: kodi manthawo akunena zoona, kapena akungobwereza zimene makutu anatola pamzere?

Chifukwa choopera chinalipo. Mliriwo unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, m'nyengo imene anamondwe Ana ndi Gombe anakokolola zimbudzi ndi zitsime kummwera. Anthu anazolowera kuti kolera imabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula, koma iyi inadutsa chilimwe chonse, inakwera m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, n'kufika m'maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo ya dziko lonse. Chaka chatsopano chitangolowa, nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda inalengeza kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zisatsegulidwe kaye. Pofika mu Ogasiti 2023 odwala anali pafupifupi 59,000, omwalira opitirira 1,700, ndipo boma la Lilongwe ndi limene linali ndi odwala ambiri kuposa lina lililonse. Chiyambire 1973, pamene kolera inaoneka koyamba m'Malawi, inali isanaphepo anthu ochuluka chotero. Matenti a odwala a pachipatala cha Bwaila ku Old Town anali mtunda wa mphindi zochepa pagalimoto kuchokera ku Capital Hill.

Amene anayamba kumasula funso lija ndi mwana wa mchimwene wa mayiyu, mtsikana wogwira ntchito mu labotale ya chipatala china mumzindamu. Anabwera kudzacheza Loweruka lina, maso ali ofiira ndi kutopa, ndipo m'malo moyankha mafunso ambirimbiri anangotulutsa foni. Pachithunzi panali kambale kozungulira ka pulasitiki, m'kati muli chakudya cha tizilombo chouma ndi chobiriwira, pamwamba pake patamera timadontho tachikasu.

"Azakhali, kolera mukumunenayo ndi ameneyu," anatero.

Anafotokoza kuti dzulo lake pakambalepo panalibe chooneka. Anangokandapo ndi kawaya koviika m'chimbudzi cha wodwala, n'kukaika usiku umodzi m'bokosi lofunda madigiri 37, kufunda kwa thupi la munthu. Kadontho kalikonse kanayamba ndi kachilombo kamodzi kapena tochepa, kamene kanagawikana pawiri, tiwirito n'kukhala tinayi, tinayi n'kukhala 8, mpaka kufika mamiliyoni oti diso n'kuona. Chikasucho ndi umboni wakuti tadya shuga wa m'chakudyacho n'kutulutsa asidi, ndipo ndi pamene a labu amayambira kukayikira Vibrio cholerae, asanatsimikize ndi mayeso ena.

Mayiyu anachiyang'ana nthawi yaitali chithunzicho. Kuyambira ku pulayimale ankadziwa kuti matenda amayamba ndi majeremusi, koma m'maganizo mwake majeremusiwo ankakhala pamalo ooneka uve: padzala, m'ngalande, pachiwaya chodzaza ntchentche. Timadontho tija tinali tosalala, tokongola ndithu. Kachilombo kamodzi ka kolera ndi kopindika pang'ono, kali ndi kamchira kamodzi kosambirira, ndipo pamafunika pafupifupi 500 tondondozana kuti tikwane milimita imodzi. Madzi a m'tambula akhoza kukhala oyera mbee, opanda fungo, ozizira bwino, m'kati muli tokwanira kugonetsa munthu wamkulu. Maso ndi mphuno, zimene iye wadalira moyo wake wonse posankha ndiwo pamsika wa Lizulu m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pankhani iyi sizimuuza chilichonse.

Mtsikanayo ataona kuti azakhali atchera khutu, anapitiriza, tiyi akuzizira. Tizilombo si tofanana. Kolera, taifodi ndi chifuwa chachikulu zimayamba ndi mabakiteriya, tamoyo ta selo imodzi todzidyera ndi kudziswera tokha, n'chifukwa chake timamera m'kambale. Vairasi, monga ya poliyo, ya COVID-19 kapena HIV, singamere m'kambale kotero ngakhale mutaithirira shuga wochuluka bwanji, poti ilibe zipangizo zodziswera. Imayenera kulowa m'selo ya munthu n'kuikakamiza kupanga mavairasi ena, ndipo ya poliyo ndi yaing'ono moti maikulosikopu ya mu labu ya chipatala siiona. Malungo ndi nkhani inanso: kachilombo kake n'kokulirapo, kamabisala m'chiwindi ndi m'maselo ofiira a magazi, ndipo kawirikawiri kamasamuka kudzera mwa udzudzu. Palinso mafangasi, amene ena amangobweretsa zipere, ena amaumitsa khosi la munthu amene chitetezo chake chatsika. Mankhwala opha gulu lina sagwira gulu linzake. Apa mtsikanayo analankhula mokwiya pang'ono za Bactrim ndi amoxicillin amene anthu amagula pagolosale akamva chimfine: vairasi ya chimfine samaimva n'komwe, koma mabakiteriya ofooka a m'thupi amafa, osamva mankhwala n'kutsala ndi malo ochulukirana. Ku Blantyre, kuyambira cha m'ma 2011, taifodi inasiya kumva mankhwala atatu amene madokotala ankadalira, awiriwa ali m'gulu lomwelo, ndipo mu Meyi 2023 boma linayamba kubaya ana m'dziko lonse katemera wa taifodi amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa.

Ananenanso china chimene mayiyu poyamba anachikana. Thupi la munthu wathanzi, wosamba kawiri patsiku, lili ndi mabakiteriya matiriliyoni ambiri, chiwerengero choyandikana ndi cha maselo ake enieni, ambiri a iwo m'matumbo. Amathandiza kugaya chakudya, amadzaza malo kuti obwera ndi nkhondo asapeze pokhala. Munthu wopanda tizilombo, amene mayiyu ankaganiza kuti ndiye munthu waukhondo, kulibe.

Koma chimene chinamusowetsa tulo ndi chakuti kulowedwa ndi kachilombo ndi kudwala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ambiri mwa anthu amene ameza kachilombo ka kolera sadwala n'komwe, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono n'kunamizira mango. Komabe kachilomboko kamatuluka m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo, nthawi zina mpaka 10. Munthu woteroyo amakwera minibasi, amasaina mafayilo, amagawa mbale pamaliro, amanyamula khanda la mnzake kutchalitchi. Ndiye kuti bambo wa tayi uja akanatha kukhala nako m'mawa womwewo, atakatola pa saladi ya paukwati kapena pa nkhomaliro ya kulesitilanti, iye osadziwa. Mayiyu naye chimodzimodzi. Anaganizira za madzulo aja pakhomo la khitchini, n'kuona kuti m'chipindamo munali manja anayi, ndipo panalibe njira yodziwira ndi maso kuti oopsa ndi ati.

Mzinda wa Lilongwe unali utaphunzitsidwa kale zimenezi chaka chimodzi m'mbuyomo. Pa 17 Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wa zaka zitatu wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo ya mtundu wachilengedwe, yoyamba m'Malawi chiyambire 1992, patangopita chaka ndi theka kuchokera mu Ogasiti 2020 pamene kunalengezedwa kuti Africa yathana nayo. Atafufuza chibadwa cha vairasiyo m'malabotale a ku South Africa ndi ku America, anapeza kuti ndi yapachibale ndi imene inkazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Mwana wa zaka zitatu ndi Pakistan n'zotalikirana. Vairasiyo inayenda m'matumbo a anthu ambiri osadziwika, oyenda bwinobwino ndi miyendo yawo, chifukwa mwa anthu 200 amene poliyo yawalowa, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amapuwala. Penapake paulendowo mwina panali wokwera ndege, ndipo okwera ndege kawirikawiri sachokera ku Mgona. N'chifukwa chake mwana mmodzi anachititsa kuti ana mamiliyoni a m'Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe adonthezeredwe katemera m'kamwa: amene waoneka amaimira mazana amene sanaoneke. Ku Tete kunapezekadi ana ena opuwala chaka chomwecho.

Apa mayiyu anayamba kuzindikira kuti funso limene linamugwira pakhitchini ndi lakale kwambiri. Munthu akakhala wathanzi m'mawa, madzulo maso alowa m'kati, mtima umathamangira kufunsa kuti wachita izi ndani. Kumudzi kwawo funsoli linkathera kwa sing'anga, ndipo yankho linkakhala nkhalamba ina yopanda woiikira kumbuyo. Ku Capital Hill funso ndi lomwelo, kungoti yankho limasintha: wantchito wa pakhomo, mayi wogulitsa mandasi pageti, anthu a m'malokeshoni. Ku Balaka, mu Febuluwale 2023, linagwera achipatala, pamene anthu okwiya anaphwanya chipatala cha Nandumbo atamva mphekesera zoti ogwira ntchito pamenepo ndi amene akufalitsa matendawo. Sing'anga, bwana wa muofesi ndi gulu la miyala m'manja sangavomere kuti akufanana, koma onse akufuna nkhope yoti aloze. Akaipeza mtima umakhala pansi, munthu wina walangidwa, kachilombo n'kumapitiriza ulendo wake osasokonezedwa.

A labu ndi alangizi a zaumoyo amafunsa funso lina: kadzera pati? Mu 1854 ku London, dokotala John Snow, asanakaonepo kachilombo ka kolera ndi maso ake, anafufuza nyumba zimene munatuluka maliro m'dera la Soho, napeza kuti zaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa mu Broad Street. Anapempha akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigowo. Pambuyo pake zinadziwika kuti dzenje la zonyansa linali pafupi kwambiri ndi chitsimecho, ndipo madzi ochapira matewera a khanda lodwala ankathiridwa m'dzenjemo. Chaka chomwecho Filippo Pacini wa ku Florence anakaona kachilomboko pa maikulosikopu, koma anthu sanamulabadire mpaka Robert Koch atakapezanso ku Calcutta mu 1884, m'matumbo a odwala ndi m'dziwe limene anthu ankatungamo. Mayi wa khanda lija sanali mfiti, ndipo kumuthamangitsa m'deralo sikukanapulumutsa aliyense. Chimene chinafunika kutsekedwa ndi njira ya pakati pa dzenje ndi chitsime, nkhani imene mayi wa ku Kauma akhoza kuifotokoza bwino kuposa buku lililonse.

Mayiyu atayesa kufunsa funso lomwelo za nyumba yake, anafika pamene sankayembekezera. Kumene madzi a pampopi wake amachokera ankakudziwa chifukwa cha bilu: madamu a Kamuzu ku Malingunde, kenako ku Area 3 kumene a Lilongwe Water Board amawasefa ndi kuwathira kolorini. Chimene anali asanachiganizirepo ndi kumene madziwo amapita akawatsegula kuchimbudzi. Mumzinda wonse nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a zonyansa ndi zochepa kwambiri, ambiri amadalira zimbudzi zokumba. Mapaipi ochokera ku City Centre ndi ma Area angapo ozungulira amatsetsereka kukathira m'maiwe aakulu osungunulira zonyansa, ndipo maiwewo ali ku Kauma. Nyumba za thanki yapansi nazo, ikadzaza, galimoto yopopa imakakhuthula komweko. Madzi saiwala khwawa. Zotuluka m'mimba mwa anthu a m'mipanda zimatsikira kufupi ndi kumene amagona anthu owaphikira, ndipo m'mawa owaphikirawo amakwera chitunda kubwera kumipanda. Sikuti maiwewo ndi amene anadwalitsa anthu a ku Kauma. Ntchito yake ndi yoteteza mtsinje. Koma mayiyu anali atakhala zaka zonsezi akuganiza za chimene chingalowe pageti pake kuchokera kumeneko, osaganizapo ngakhale kamodzi za chimene nyumba yake imatumiza kumeneko tsiku ndi tsiku.

Ngakhale mpopi wa m'nyumba si linga. Mu Julaye 2017 anthu a ku Area 18A, anthu a madzi a m'nyumba, anatsegula mipopi yawo n'kutuluka madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'chimbudzi, paipi ya zonyansa itaphulika pafupi ndi paipi yong'ambika ya madzi akumwa. Nkhaniyo inafika mpaka kukhoti. Paipi ya madzi imadziteteza ndi mphamvu ya madzi a m'kati mwake. Madzi akasiya, mphamvuyo imatha, ndipo paliponse pamene pali mng'alu paipiyo imayamwa zimene zili m'dothi loizungulira. Kulikonse kumene mipopi imaumauma, ngozi imeneyi imakhalapo, kaya ndi pa kiyosiki kaya ndi m'bafa la matailosi.

Anakumbukiranso Januwale wina, wa 2021. Odwala COVID-19 oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020, mu Lilongwe momwemu, kudzera mwa munthu amene anali atachokera kunja. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo bwalo la Bingu National Stadium linasandutsidwa chipatala. M'makonde a ku Capital Hill munazizira. Vairasi ija inkayenda mumpweya wa m'zipinda za misonkhano zotseka mawindo ndi m'magalimoto okwera anayi, malo amene mayiyu ankakhala tsiku lonse. Nthawi imeneyo woopsa m'nyumba ya ku Area 12 anali iye, wobwera kuchokera kuofesi madzulo aliwonse. Mayi wa ku Kauma anapitiriza kuchapa timipango take, kutsuka makapu ake, kuyalula pabedi pake, kenako n'kupita kukagona ndi ana atatu m'chipinda chimodzi. Ngati ankaopa, sananene. Analibe mphamvu youza abwana kuti abakhala kuofesi mpaka mliri udutse.

Komabe mayiyu sanafune kudzitonthoza ndi mfundo yokoma yakuti pamaso pa kachilombo tonse ndife ofanana. Sitifanana, ndipo bambo wa tayi uja sananame kotheratu. Ambiri mwa amene anagona m'matenti anachokeradi ku Area 36, ku Mtandire, ku Mgona ndi madera ena othithikana. Chimene bamboyo anaphonya ndi chifukwa chake. Kolera imadalira kuchuluka. Asidi wa m'chifu amapha tizilombo tambiri tisanafike m'matumbo, moti kuti munthu adwale kawirikawiri amafunika kumeza tochuluka zedi. Womwa pachitsime choipitsidwa m'mawa, masana ndi madzulo amafika pamlingo umenewo, pamene wongokhudzana nato kamodzi, n'kusamba ndi sopo, ali kutali nawo. Kusiyanako kuli m'madzi. Mayi wa ku Kauma ndi munthu waukhondo kuposa aliyense amene mayiyu anamudziwapo, ndipo ndi iyeyo amene amachititsa kuti nyumba ya ku Area 12 izioneka ya munthu waukhondo. Koma mpopi wa pa kiyosiki ukauma, ukhondo wake sumupatsa madzi ena. Amapita kuchitsime chosaya, chimene mvula ya usiku yadutsa pa zimbudzi za anthu n'kusefukiramo.

Ndipo pakati pa odwala okhaokha, amene amachira ndi amene amafa amasiyanitsidwa ndi maola. Kachilombo ka kolera sikalowa m'magazi. Kamakakamira kukhoma la matumbo aang'ono n'kutulutsa poizoni amene amachititsa maselo kutaya mchere, madzi n'kumalondola mcherewo. Chimbudzi chimatuluka chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo wodwala kwambiri akhoza kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Miyendo imakokana, khungu ukalitsina silibwerera, mawu amasasa, impso zimaima. Munthu amafa chifukwa chouma. Koma poizoniyo sawononga khomo lina la m'matumbo momwemo, limene limalowetsa mchere ukakhala pamodzi ndi shuga, ndipo madzi amalondolanso kubwerera m'thupi. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya Thanzi ORS, kapena, paketi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, kumamwetsa wodwala ali paulendo wa kuchipatala. Mu 1971 dokotala wa ku India Dilip Mahalanabis, diripi itamuthera mumsasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, anamwetsa odwala madzi amenewa, imfa n'kutsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 kufika pa ochepera 4. Bungwe la WHO limati chithandizo chikafika msanga, omwalira sayenera kukwana mmodzi mwa 100. Mu mliri wathuwu anali pafupifupi atatu. Owonjezerawo anathera m'maola odikira kuti kuche, ofunafuna ndalama ya kabaza, oyamba kaye kumapemphero, ndi obisa chifukwa cha manyazi.

Manyaziwo ndi amene anamubwezera mayiyu ku mawu a pamzere, ndipo apa anakwiya. Matenda akatchedwa a anthu auve, munthu amachedwa kuvomera kuti ali nawo. Wantchito amene waona anzake akuuzidwa kuti abakhala kwawo popanda malipiro, mwana wake akayamba kutsegula m'mimba usiku sanena. Amamusiyira mkulu wake wa zaka 10, amamanga chitenje n'kubwera kuntchito monga mwa masiku onse, kudzaphikira banja lomwe lija likuopa. Mwana amataya maola ake, banja la m'mpanda silidziwa kuti lichenjere, ndipo amene anakhazikitsa lamulolo amagona mtima uli phee poganiza kuti wateteza ana ake.

Zina mwa zimene mliriwo unasintha zinali zowawa ngakhale zinali zoyenera. Mtembo wa kolera sunkasambitsidwa ndi achibale. Unkapoperedwa kolorini n'kuikidwa mwachangu, chifukwa thupilo limakhala lidakali ndi tizilombo, ndipo manja osambitsa maliro ndi omwewo amakagwira mbale za pasiwa. Mayiyu anamva anthu akudandaula kuti aika m'bale wawo ngati mlendo, ndipo sanawaweruze. Anaganiziranso za beseni limodzi losambira m'manja nsima isanabwere, limene limayambira kwa akuluakulu n'kuthera kwa ana, madzi atada. Ulemu wake ndi wabwino, koma womaliza kusamba ndi wamng'ono kwambiri, amene thupi lake limauma msanga. Pakhomo pake tsopano mwana amazungulira ndi jagi n'kumathirira aliyense, kuyambira kwa akuluakulu komweko.

Funso limene anayenera kufunsa analifunsa m'mawa wina, onse awiri akuyanika zovala.

"Achemwali, kwanu madzi mukutunga kuti masiku ano?"

"Pakiyosiki, Madamu, akatuluka. Akapanda kutuluka timapita kuchitsime. WaterGuard timathira tikakhala naye." Anakhala chete pang'ono, akukung'untha shati. "Ndimayesa mufuna kundiuza kuti ndisamabwere. Anzanga awiri anawauza kale."

Kuyambira tsiku limenelo, chigubu cha malita 20 chimadzazidwa pampopi wa kuseri madzulo aliwonse n'kukwera kabaza kupita ku Kauma, ndipo anagwirizana kuti m'nyumba iliyonse mwa ziwirizo wina akangotsegula m'mimba, foni iimbidwe nthawi yomweyo, malipiro osakhudzidwa. Kunja nako zinthu zinkayenda. Pa 13 Febuluwale 2023 Pulezidenti Chakwera anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera ku Mgona, alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi kolorini, ndipo katemera wakumwa anaperekedwa kamodzi m'malo mwa kawiri, poti kuyambira mu Okutobala 2022 anali atachepa padziko lonse. Mu Julaye 2024 boma linalengeza kuti mliriwo watha. Chaka chisanathe odwala ena anapezeka ku Chitipa ndi ku Karonga.

Mayiyu ntchito yake ndi manambala, ndipo chigubucho anachiwerengera. Malita 20 ndi mlingo umene akatswiri a zaumoyo amati munthu mmodzi amafunika patsiku kuti amwe, aphike ndi kusamba m'manja mokwanira. Ku Kauma chimafikira anthu asanu. Chimakwana kumwa ndi kuphika basi. Mbale zimatsukidwabe ndi madzi a kuchitsime tsiku limene kiyosiki yauma, ana amamwa kusukulu ndi kwa anzawo, ndipo ana a nyumba yoyandikana nayo, atadziwa kuti pakhomopo pamabwera madzi a ku Area 12, amafika ndi makapu awo. Mayi wa ku Kauma sawabweza, ndipo chigubu chachiwiri kabaza sanganyamule pamodzi ndi munthu pamsewu wa matope uja.